Chiweruzo cha mu Mdima: Mbiri ya Kuonera Mafilimu Oopsa kwa Nthache ndi Madera a M'malire

Dera la Mfumu Yaikulu Nthache lili m'boma la Mwanza, kumene Malawi amachita malire ndi chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique, ndipo monga madera ena a bomali, moyo wake wa malonda wakhala ukutsamira pa msewu waukulu umene umapatuka pa Zalewa n'kudutsa pa chipata cha Mwanza kupita ku Zobue, ku Tete, mpaka ku Harare ndi Johannesburg. Msewu umenewu sunanyamule manachesi, feteleza ndi mafuta a galimoto okha, koma unanyamulanso mawailesi, matepi, madeki ndi zimbale za kanema, pamodzi ndi chizolowezi chimene olemba mbiri sachilabadira kwenikweni, chosonkhana m'chipinda cha mdima kudzaonera filimu n'kuiweruza pompo ndi pakamwa isanathe n'komwe. M'maiko amene manyuzipepala ndi ambiri, chiweruzo cha filimu chimalembedwa ndi katswiri mmodzi ndipo chimawerengedwa ndi munthu ali payekha, pamene m'midzi ndi m'misika ya Malawi chiweruzocho chakhala cha gulu, chomveka m'mfuwu, m'phwete, m'kutsonya ndiponso m'kutuluka kwa anthu amene aona kuti ndalama yawo yalowa m'madzi. Mwambo umenewu uli ndi zaka pafupifupi 100, ndipo palibe mtundu wa filimu umene umauonetsa poyera kuposa mafilimu oopsa a ndalama zochepa amene nkhani yake ndi ya anthu otsala dziko litawonongeka.

Filimu ya mtundu umenewu imayamba zonse zitatha kale: mliri, nkhondo kapena chilala chapulula anthu, boma kulibe, misika yafa, ndipo kagulu kochepa ka opulumuka kakusaka chakudya, madzi ndi pobisala uku kakuthawa zilombo, mitembo yoyenda kapena anthu anzawo amene njala yawachotsa umunthu. Chimene opanga mafilimu osauka amaukondera mtunduwu n'chosavuta kumvetsa, pakuti dziko lopanda anthu silifuna ochita sewero ambiri, bwinja sililipiritsa lendi, ndipo palibe chovala chotsika mtengo kuposa nsanza. George A. Romero anajambula Night of the Living Dead kufupi ndi mzinda wa Pittsburgh ku America ndi madola pafupifupi 114,000 n'kuitulutsa mu 1968, ndipo poti oigulitsa anaiwala kuikapo chizindikiro cha umwini, filimuyo inasanduka ya aliyense, yokopedwa ndi kugulitsidwa popanda wofunsa. George Miller anatulutsa Mad Max ku Australia mu 1979 atawononga ndalama zosapitirira madola 400,000 a dzikolo, ndipo mu 2012 Jeremy Gardner anatulutsa The Battery, nkhani ya anyamata awiri oyendayenda m'dziko lodzaza mitembo yoyenda, imene inadya madola 6,000 okha. Mafilimu ochuluka a mtunduwu sanapondeko m'nyumba zikuluzikulu za kanema, koma ankapita molunjika pa tepi ndi pa chimbale, ndipo njira yachidule imeneyi ndiyo inawafikitsa m'misika ya kumidzi ya Africa.

Amalawi oyamba kuzolowera kanema anali amuna opita ku migodi, kaya kudzera ku Wenela kaya pa selefu, ndiko kuyenda paokha popanda kulembedwa ndi kampani. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, mmishonale wa ku America, Ray Phillips, ankaonetsa mafilimu m'makomboni a migodi ya golide ya ku Johannesburg mothandizidwa ndi eni migodi, amene ankafuna kuti antchito azikhala phee madzulo m'malo moledzera ndi kuyambitsa zipolowe, ndipo makonzedwe otere anafalikira ku migodi ya Southern Rhodesia ndi ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia. Kumeneko n'kumene kunachokera mawu akuti bayisikopo, amene okalamba ena amawatchulabe. Hortense Powdermaker, katswiri wa chikhalidwe cha anthu amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba m'buku lake Copper Town kuti oonera ankakonda kwambiri mafilimu a anyamata okwera akavalo a ku America, kuti ankaimirira, kukuwa ndi kuponya zibakera m'mwamba nkhonya zikavuta pa nsalu, ndiponso kuti ngwazi ya filimu iliyonse ankaitcha Jack mosasamala dzina lake lenileni. Popeza mawu a Chingerezi sankamveka bwino ndipo oyang'anira anali atadula zigawo zimene ankati n'zosayenera Mwafirika, oonera ankalumikiza okha nkhaniyo pokambirana mokweza. Jack ameneyu ndiye kholo la amene Amalawi lero amamutcha mwini filimu, munthu amene aliyense m'chipindamo amadziwa kuti safa, ngakhale zipolopolo zivumbe ngati matalala.

Maboma a atsamunda ndiwo anayamba kufunsa mwadongosolo zimene Mwafirika amaganiza akaonera filimu, koma ankafunsa ali ndi yankho kale m'thumba. Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment, lotsogozedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham ndi thandizo la ndalama la Carnegie Corporation, linajambula mafilimu 35 ophunzitsa ku Vugiri m'dziko la Tanganyika n'kuyenda nawo pa lole m'maiko a kummawa ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo Nyasaland, ndipo mawu ofotokoza ankamveka kuchokera pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zingapo, Chinyanja chili pomwepo. William Sellers, amene anatsogolera Colonial Film Unit kuyambira 1939, anafalitsa chiphunzitso chakuti Mwafirika wa kumudzi sangatsatire chithunzi chothamanga kapena chojambulidwa pafupi kwambiri, ndipo akuluakulu a boma ankabwerezabwereza nthano ya oonera amene ataona udzudzu wokulitsidwa pa nsalu anati malungo si vuto lawo popeza udzudzu wa kwawo ndi waung'ono. Sizinawafike m'maganizo kuti mwina oonerawo ankangoseka filimu yosakoma. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, imene inapangira mafilimu maiko atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland mpaka 1963, ndipo ambiri mwa mafilimu ake oyamba anali opanda mawu, osimba za mlimi wanzeru womvera mlangizi ndi mlimi wopusa wokana malangizo. Pambali pa nsalu pankaima womasulira ndi chokuzira mawu, wofotokoza m'chilankhulo cha deralo zimene zikuchitika, ndipo popeza mzungu woyang'anira nthawi zambiri sankamva chilankhulocho, womasulira ankatha kuthira nthabwala zake ndi kukhotetsa phunziro momwe wafunira. M'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, anthu ambiri anayamba kuona galimoto za kanema ngati pakamwa pa boma limene ankadana nalo, ndipo chiweruzo cha oonera chinasanduka nkhani ya ndale.

Ufulu wa 1964 sunamasule maso a oonera. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968 linapatsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu mphamvu yoletsa kapena kudula chilichonse chimene linkachiona chonyansa kapena chosokoneza mtendere, ndipo Ngwazi Dr Hastings Kamuzu Banda sanalole kuti dziko likhale ndi wailesi ya kanema m'zaka zonse 30 za ulamuliro wake, kotero kuti Television Malawi inadzayamba kuulutsa pa 1 April 1999. Nyumba za kanema zochepa zimene zinalipo, monga Apollo ku Blantyre, zinali za anthu a m'tauni okhala ndi ndalama. Munthu wa kumudzi ankaona kanema pamene galimoto ya unduna wofalitsa nkhani yabwera ndi zithunzi za maulendo a Ngwazi, pamene galimoto yachikasu ya alangizi a zaulimi yabwera ndi phunziro la chimanga ndi feteleza, kapena pamene alaliki atambasula nsalu pa bwalo la sukulu kuti aonetse filimu ya Yesu, imene inapangidwa mu 1979 n'kudzamasuliridwa m'Chichewa. Pa filimu ya Ngwazi munthu sankatsonya, chifukwa a Payoniya ndi a chipani anali ndi makutu aatali, koma pa filimu ya Yesu amayi ankalira pa mtanda ndi kutukwana Yudasi mokweza, ndipo chizolowezi choyankha nsalu ngati munthu wamoyo chinapitirira.

M'zaka zomwezo anthu a ku Mwanza ankaona ndi maso awo zimene opanga mafilimu a ku America ankazipeka m'mutu. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo, imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, inasandutsa mbali zambiri za chigawo cha Tete mabwinja, ndipo Malawi analandira othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ena n'kukhala m'midzi ya abale awo a m'malire, ena m'misasa monga wa Luwani ndi wa Chifunga, imene malo ake lero ali m'boma la Neno, lopatulidwa ku Mwanza mu 2003. Galimoto za katundu zodutsa msewu wa Tete zinkayenda pa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo m'mbali mwa msewuwo munkatsala zigoba za malole otenthedwa. Mu 2015 ndi 2016 anthu ena oposa 10,000 anawolokanso malire n'kudzaunjikana pa Kapise, m'boma la Mwanza, pothawa kumenyana kwatsopano, mpaka msasa wa Luwani, umene unatsekedwa mu 2007, unatsegulidwanso. Anthu amene makolo awo anagona m'tchire, anakwirira chimanga pansi ndi kutseka pakamwa pa khanda kuti asilikali odutsa asamve kulira, amakhala ndi muyeso wawowawo akamaonera munthu wonenepa bwino, wa mano oyera ndi tsitsi lopesa, akunamizira kuti watha chaka akuthawa imfa.

Malo oonetsera mafilimu olipiritsa, amene anthu amangowatcha vidiyo sho, anachuluka m'misika ya kumidzi pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unatha mu 1994 ndipo malonda a m'malire anamasuka. Chuma chake chinali chochepa: deki, ndiko kuti makina oseweretsa tepi, sikirini imodzi, jenereta kapena batire ya galimoto, chipinda cha njerwa kapena cha mphasa chotchingidwa ndi masaka kuti kuwala kusalowe ndiponso kuti osalipira asasuzumire, mabenchi, ndi chokuzira mawu chopachikidwa panja kuti kulira kwa mfuti kuitane makasitomala. Pakhomo pankaikidwa chikuto cha tepi kapena bolodi lolembedwa ndi choko, ndipo mnyamata wotolera ndalama ndiye ankakhala mtsogoleri wa zokonda za msika wonse. Malo otere anakula chifukwa nyumba zambiri zinalibe magetsi, ndipo ngakhale pa kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 130,000 m'boma la Mwanza, nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko lonse ndizo zinkaunikiridwa ndi magetsi a ESCOM, zambiri mwa izo za m'tauni. Jonathan Gray, katswiri wa zofalitsa nkhani amene anafufuza malo amenewa m'Malawi, anatulutsa nkhani mu 2011 yofotokoza mmene mafilimu okopedwa mozemba lamulo anafikitsira Steven Seagal kwa anthu amene makampani a ku Hollywood sankawawerengera n'komwe ngati msika. Chofunika pa mbiri ino n'chakuti pa benchi la vidiyo sho, filimu ya madola 100 miliyoni ndi ya madola 6,000 zinkalipiritsa khobidi lofanana, zinkaonekera pa sikirini imodzimodzi yosaoneka bwino, ndipo woonera sankauzidwa kuti yotchuka ndi iti. Mwayi umene kutsatsa malonda kumapereka kwa filimu yolemera unkathera pakhomo.

Amene anaphunzitsa oonera a m'Malawi kuti filimu yosauka ikhoza kuopsa kuposa yolemera ndi anthu a ku Nigeria. Living in Bondage, imene Kenneth Nnebue anaitulutsa pa tepi mu 1992 m'chilankhulo cha Igbo, imasimba za mwamuna amene apereka mkazi wake nsembe kuti alemere, mzimu wa mkaziyo n'kumamulondola mpaka kupenga, ndipo mafilimu mazanamazana amene anatsatira anadzaza misika ya Malawi m'zaka za m'ma 2000, pamene zimbale zinalowa m'malo mwa matepi. Moto wotuluka m'maso mwa mfiti unkaoneka kuti ndi wojambula pa kompyuta yotsika mtengo, mawu ankalira ngati a m'chitini, koma amayi amene sankaponda m'vidiyo sho nthawi ya karate anayamba kuonera, chifukwa kukhwima, nsanje ya pachibale, apongozi ovuta ndi m'busa wotulutsa ziwanda zinali nkhani za pakhomo pawo. Kuyambira pamenepo zinaonekeratu kuti chimene woonera amakhululuka ndi umphawi wa zipangizo, ndipo chimene sakhululuka ndi bodza la khalidwe.

Apa ndi pamene mtembo woyenda wa ku America umakumana ndi vuto. Mawu akuti zombie anachokera ku Haiti, kumene amatanthauza munthu amene wamatsenga wamupha n'kumudzutsa kuti azimulimira m'munda wopanda malipiro, wopanda mawu ndiponso wopanda chifuniro chake, ndipo filimu ya White Zombie ya 1932 inatsatira tanthauzo limeneli. Romero, amene sanagwiritse n'komwe mawuwo m'filimu yake yoyamba, anasintha chinthucho kukhala khamu la mitembo yodya anthu, yopanda mbuye, yodzuka popanda woituma. Koma Mmalawi anali kale ndi dzina la munthu wa ku Haiti uja: ndondocha, amene malinga ndi chikhulupiriro cha anthu ambiri a kummwera ndi munthu wophedwa m'matsenga, wodulidwa lilime, wosungidwa m'nyumba kapena m'chigayo cha munthu wokhwima kuti azimugwirira ntchito usiku ndi kumukokera chuma. Ndondocha ili ndi mwini wake, ndipo nkhani yake imafuna kuti mwiniyo adziwike, aululidwe, alangidwe. N'chifukwa chake funso limene limabuka msanga pa benchi, mitembo ikangoyamba kudzandira pa sikirini, limakhala lofuna kudziwa amene wawatuma ndi chimene akupindula. Filimu ikayankha kuti ndi kachilombo kothawa m'chipinda cha asayansi, monga 28 Days Later ya Danny Boyle ya 2002 imachitira, oonera amalandira, pakuti pali wolakwa. Ikakana kuyankha, monga opanga mafilimu ambiri a ku Ulaya ndi America amanyadira kuchita, ambiri amati filimuyo ilibe mutu. Akatswiri a kunja amayesa kusayankhako nzeru zakuya, koma m'dziko limene imfa ya mwadzidzidzi kawirikawiri imafunsidwa mwini, tsoka lopanda wolichititsa limamveka ngati nthano imene wosimba waiwala pakati. Pali kusiyana kwinanso kumene kumasokoneza mantha: m'chikhulupiriro cha kuno odya nyama ya anthu ndi afiti, amene ndi amoyo, anzeru ndiponso odziwika nkhope masana, kotero kuti mtembo wopusa woyenda pang'onopang'ono, umene mwana wothamanga angauthawe, umaseketsa kaye usanaopse.

Chimene chimaopsa zenizeni m'mafilimu amenewa, kwa woonera woleredwa m'mudzi wa Chimang'anja, Chingoni kapena Chichewa, ndi maliro osaikidwa. Kumudzi munthu akamwalira ntchito zonse zimaima, amayi amagona m'siwa, ndiyo nyumba ya maliro, adzukulu amakumba manda, mfumu imalankhula, ndipo ngakhale wodana ndi malemuyo amabwera, poopa kuti tsiku lake likadzafika adzasowa womunyamula. Filimu imene mwana awombera mayi ake m'mutu chifukwa alumidwa, n'kuwasiya pa msewu osawafunditsa ngakhale chitenje, imakhudza malo amene magazi a utoto sangafike. Chimodzimodzinso nkhani ya chakudya. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anaonetsa kuti chimene amayi ankakumbukira kwambiri sichinali kuuma kwa minda kokha koma amuna amene anathawa mabanja awo ndi achibale amene analeka kugawana. Njala ya 2002, imene inakula boma litagulitsa chimanga cha m'nkhokwe za dziko ndipo inachititsa Pulezidenti Bakili Muluzi kulengeza za tsoka mu February chaka chimenecho, inasiya zikumbutso za anthu odya gaga ndi zitsa za nthochi, ndi za akuba chimanga chachiwisi amene ankamenyedwa kapena kudulidwa ziwalo m'minda. Woonera wokumbukira zimenezi sadabwa kuona opulumuka akuphana chifukwa cha chitini cha nyemba, ndipo amadziwa kusiyanitsa filimu imene yamvetsa manyazi a munthu wodya mobisa ndi imene yangofuna chifukwa chophulitsira mfuti.

Mbali ina ya mafilimuwa imalephera kotheratu kuwoloka nyanja. Chiwonongeko cha dziko, monga amachijambulira a ku Los Angeles kapena London, ndi kuzima kwa magetsi, kuuma kwa mipope, kusowa kwa petulo ndi kutsekedwa kwa sitolo zikuluzikulu, ndipo mwini filimu amayamikiridwa chifukwa wakwanitsa kukoleza moto, kutunga madzi pa mtsinje ndi kutchera msampha. Kwa mlimi wa kwa Nthache zimenezi ndi ntchito za tsiku lililonse zimene mwana wa zaka 10 amazidziwa, ndipo n'zosadabwitsa kuti chigawo chimene wojambula anafuna kuti chigwetse misozi chimadzutsa phwete, wina n'kufunsa chifukwa chimene anthuwo sakulima pamene mvula ikugwa ndipo minda ili mbee yopanda mwini.

Maganizo a kutha kwa dziko sanabwere ndi kanema. Mu 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay polalikira chiphunzitso cha Watch Tower chakuti ulamuliro wa dziko lino udzatha mu 1914, mpaka atsamunda anamuthamangitsa m'dziko, ndipo kuchokera nthawi imeneyo buku la Chivumbulutso lakhala likuwerengedwa mwakhama m'mipingo yambiri. Mafilimu achikhristu onena za mkwatulo, ndiko kutengedwa kwa olungama kupita kumwamba ochimwa n'kutsala m'masautso, monga A Thief in the Night ya m'zaka za m'ma 1970 ndi Left Behind ya 2000, ndi a mtundu womwewu wa otsala dziko litawonongeka, ndipo nawonso anapangidwa ndi ndalama zochepa. Woonera wozolowera ulaliki wotere amayembekezera kuti opulumuka apulumuke pa chifukwa, ndipo filimu imene munthu wabwino afa chabe pa mapeto, monga Ben wa mu Night of the Living Dead amene awomberedwa ndi opulumutsa atalimba usiku wonse, imaphwanya malamulo awiri nthawi imodzi, la mpingo ndi la mwini filimu. Atsogoleri a mipingo ndi mafumu akhala akudandaula kuti mavidiyo sho amajombetsa ana kusukulu ndi kuwaonetsa zolaula usiku, ndipo dandaulo limeneli lili ndi maziko. Chimene chilibe maziko ndi kuloza mafilimu oopsa ngati gwero la mphekesera za anamapopa, anthu amene amati amapopa magazi usiku, zimene zinavuta mu 2002 ndi 2003 n'kubukanso ku Mulanje ndi Phalombe mu September 2017, pamene anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa. Luise White, m'buku lake Speaking with Vampires la 2000, anaonetsa kuti mphekesera zotere zinali ponseponse kummawa ndi pakati pa Africa m'nthawi ya atsamunda, deki isanapangidwe.

Womasulira wa nthawi ya atsamunda uja anabadwanso pamene makompyuta anatsika mtengo. Monga ku Uganda kuli ma VJ ndipo ku Tanzania kunali Lufufu, amene anatchuka pomasulira mafilimu m'Chiswahili, m'matauni a Malawi munabuka anyamata otchedwa ma DJ amene amajambula mawu awo a Chichewa pamwamba pa filimu ya ku America, China, Korea kapena India, n'kuigulitsa kudzera m'malo obenera nyimbo, kumene munthu amalipira kuti amuikire mafilimu pa chimbale, pa fulashi kapena pa memore khadi. DJ samasulira liwu ndi liwu. Amapatsa ochita sewero maina a kuno, amasandutsa New York kukhala Limbe, amachenjeza wosewera kuti chilombo chili kumbuyo, amanyoza wamantha, ndipo pakati pa nkhondo amalengeza dzina la malo ake a malonda. Kunena zoona, iye ndi benchi lonse la vidiyo sho lolowetsedwa m'kati mwa filimu, chiweruzo chobwera chophikaphika filimu isanayambe. Pa mafilimu oopsa zotsatira zake n'zachilendo, pakuti wojambula amadalira bata kuti mtima wa woonera uthamange, pamene DJ amaopa bata ngati malonda oipa ndipo amalidzaza ndi nthabwala. Filimu yosauka imapindula ndi zimenezi kuposa yolemera, popeza pamene nkhani yafooka DJ amaipatsa ina, ndipo ogula ambiri amafunsa dzina la womasulira asanafunse dzina la filimu. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito za luso kuyambira 1992, limaona malonda onsewa ngati kuba, ndipo mwa lamulo silinama.

Anthu a mu Africa ayesapo kupanga okha mafilimu a mtunduwu. C. J. Obasi wa ku Nigeria anatulutsa Ojuju mu 2014, yojambulidwa pafupifupi popanda ndalama m'dera la anthu osauka la Lagos, mmene madzi akumwa oipitsidwa asandutsa anthu zilombo, ndipo inapambana mphotho ya filimu yabwino ya ku Nigeria pa chikondwerero cha AFRIFF chaka chomwecho. Mphamvu yake ndi yakuti gwero la tsoka ndi chitsime, chinthu chimene aliyense wokumbukira kolera amachiopa kale. Opanga mafilimu a ku Malawi atsata njira ina: Shemu Joyah mu Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, Joyce Mhango Chavula mu Lilongwe, imene inapambana mphotho ya Africa Magic mu 2016, ndi Gift Sukali mu Fatsani, asimba za kupulumuka m'dziko limene silinathe koma likuvuta. The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, yojambulidwa ku Kasungu n'kutuluka pa Netflix mu 2019, ndiyo inafika pafupi kwambiri ndi chithunzi cha mudzi wogwa ndi njala, ndipo Amalawi ambiri, ngakhale anainyadira, sanaleke kudandaula za Chichewa chopotoka cha ochita sewero a kunja, chimene akatswiri a ku Ulaya oiyamikira sakanachimva.

Mliri wa Covid-19 unabweretsa zithunzi za mafilimuwa pa chipata cha Mwanza penipeni. Odwala oyamba m'Malawi analengezedwa pa 2 April 2020, Khoti Lalikulu linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 umene boma linafuna kukhazikitsa mwezi womwewo, ndipo mu May mabasi odzaza Amalawi ochokera ku South Africa anayamba kufika pa malire, kumene ankalandiridwa ndi azaumoyo ovala zophimba thupi lonse, ena mwa obwerawo n'kudzathawa pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre zotsatira za kuyezedwa kwawo zisanatuluke. Pofika nthawi imeneyo n'kuti vidiyo sho itayamba kale kusintha. Eni ake ambiri anagula madishi n'kutembenukira ku mpira wa ku England, umene umadzaza chipinda Loweruka ndi Lamulungu popanda kusaka filimu yatsopano, ndipo mafilimu anasamukira m'mafoni otchajidwa pa sola, mmene anyamata awiri kapena atatu amaonera ataunjikana pa khonde la golosale, akupatsirana mafayilo popanda kugula bandulo. Ndemanga zina zapita pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kumene zimalembedwa m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, koma m'misika ya kumidzi chokuzira mawu chija chikadapachikidwa pa msomali panja pa chipinda cha masaka, ndipo masana a pakati pa sabata, mpira kulibe, chimamveka ndi mawu a DJ akuuza mzungu wothamangitsidwa ndi mitembo kuti akwere mumtengo wa mango.